Sisitimu ikagwa, amasitazi amakhala ali kuti?

Loweruka m'mawa, anzawo akusita zovala za kuukwati ndi kuchinkhoswe, pali Amalawi ena amene amanyamula laputopu n'kulowera kukalasi. Ndi anthu akuluakulu, a mabanja awo: owerengera ndalama kubanki, mainjiniya a kumadzi ndi kumagetsi, oyang'anira zipatala, mabwana a ku Capital Hill. Lachisanu aweruka mochedwa, Lolemba alawirira kuofesi, koma masiku awiri apakatiwa awapereka kusukulu. Akusaka digiri yachiwiri, imene aliyense amangoti masitazi, ndipo ambiri tsopano akukonda maphunziro ophatikiza luso la makompyuta ndi utsogoleri.

Ife tikuti achita bwino, ndipo tikufuna achuluke. Koma pali funso limene likutisowetsa tulo. Magauni akuwonjezeka chaka ndi chaka, zithunzi za tsiku lolandira digiri zadzaza pa Facebook, nanga bwanji pazenera la ofesi tikumvabe mawu omwe aja akuti "pepani, sisitimu yagwa, mubwere mawa"?

Tikumbutsane za 2013. Ndalama za boma zimene zidasowa pa nkhani ya Cashgate sizidatuluke usiku pakhomo lothyoledwa ayi. Zidadutsa m'makina a IFMIS, omwe boma lidaika kuti azilondoloza tambala iliyonse. Anthu ankalowetsa malipiro a makampani amene sadagulitse boma ngakhale bolopeni, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenako wina n'kubwerera m'makinamo kukafufuta mapazi. Akatswiri a Baker Tilly a ku Britain atafufuza adapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidalowa m'matumba a anthu. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi wodwala amene adakapeza shelefu ya mankhwala ili mbee. Maunduna adali ndi mabwana ophunzira bwino, ena a madigiri awiriawiri. Chimene chidasowa ndi bwana woti afunse mafunso osavuta: ndani ali ndi mphamvu yofufuta zolembedwa m'makinamu? Akafufuta zimaonekera pati? Ndani amasuzumira pamenepo, kangati pamwezi? Ndi anthu angati akulowa ndi pasiwedi imodzi?

Patapita zaka khumi tidapunthwanso pamwala wofanana. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi ya Immigration idasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February chaka chomwecho, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Ena adatsutsa, nati gwero la vutoli ndi kusamvana ndi kampani yakunja imene idaika makinawo, yomwe boma lidathetsa nayo kontirakiti mu 2021. Kaya zoona zili mbali iti, odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amalonda a ku Johannesburg ndi Dar es Salaam adagona pamzere. Ndipo mbali zonse ziwiri zikuloza chinthu chimodzi: tidali ndi nyumba imene makiyi ake sadali m'manja mwathu. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

M'maofesi athu ambiri, a boma ndi a makampani omwe, muli mitundu iwiri ya anthu osamvana chinenero. Pamwamba pali bwana amene amasaina kontirakiti ya mabiliyoni yogulira makina, koma imelo yake amachita kumusindikizira sekilitale kuti aiwerenge papepala. Pansi, m'kachipinda kozizira kodzaza mawaya, muli mnyamata kapena mtsikana amene aliyense amangomuti "a IT". Ameneyu amadziwa pamene pali dzenje, koma kumsonkhano wa akuluakulu amamuitana kuti adzalumikize pulojekita basi, akatha n'kumuuza kuti atseke chitseko potuluka. Bwana sangafunse chifukwa akuopa kuoneka mbuli pamaso pa ana, mbewa ya manyazi ija idafera kuuna. Mnyamatayo akapatsidwa mpata wolankhula amangotchula mayina a makina, osatha kunena kuti vutolo lidya ndalama zingati, lipweteka ndani, lifika liti. Wogulitsa makina akabwera ndi suti yake ndi zithunzi zokongola amapeza pakhomo pali mpata waukulu, n'kudutsa bwinobwino.

Maphunziro amene tikunenawa phindu lake lagona pamenepa. Akaphunzitsidwa moyenera, bwana uja amatuluka akudziwa kuwerenga kontirakiti ya makina: mwini wa pulogalamuyo ndani, zolembedwa zathu zikusungidwa kuti, kampaniyo ikachoka mawa titsala ndi chiyani m'manja, laisensi tizilipira mu ndalama yanji. Wamakina uja amatuluka akudziwa bajeti, malamulo ogulira katundu, ndi luso lovuta koposa lonse, lowauza akuluakulu kuti "ayi bwana, apa tisasaine" mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Nkhaniyi siyoti tingaizengereze. Mu 2017 bungwe la NRB lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni, ndi zala zawo zomwe. Malipiro a anthu, fizi, ngakhale chopereka cha kutchalitchi zikuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likuika udindo pa bungwe lililonse losunga mbiri ya anthu. Mkulu wa chipatala, banki kapena khonsolo sangathawirenso kumawu akuti zimenezo n'za anyamata a makompyuta.

Kophunzirira kulipo kuposa kale. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino lidali ndi yunivesite ya boma imodzi yokha. Lero pali Mzuni, LUANAR, MUST ku Thyolo, ndipo chigawikireni University of Malawi mu 2021 pali UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS. Sukulu ya MIM ku Kanengo ndi ya ku Mpemba adaziphatikiza n'kukhala Malawi School of Government. Kuwonjezera apo pali mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba, ESAMI ya ku Arusha, UNISA ya ku South Africa, ndi ena ambirimbiri ophunzitsa pa intaneti.

Koma pamene pachuluka ogula, akamberembere sachedwa kuyala malonda. Pali masukulu amene adilesi yake ndi nambala ya WhatsApp, olonjeza masitazi m'miyezi yochepa popanda mayeso ooneka, ndi ena ogawa udokotala waulemu kwa aliyense wotha kulipira holo ndi gauni. Bungwe la NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Kuufufuza mndandandawo sikutenga ola limodzi, pamene ngongole ya fizi imatenga zaka. Ndipo chenjerani, sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka koma pulogalamu imene mukulembetsayo isali pamndandanda. Safunsa adadya phula. Olemba ntchito nawonso ali ndi mlandu pano, chifukwa bola iwo akukweza munthu pongoona pepala osafunsa kumene lachokera, msika wa mapepala abodza sudzatha.

Ngakhale sukulu ikhale yeniyeni, katundu yense akusenza ndi wophunzira yekha, ndipo ichi sitikugwirizana nacho. Fizi imachokera m'malipiro omwewo ogulira ufa, kapena ku SACCO, kapena kubanki m'khonde. Amene adalembetsa kumasukulu akunja olipiritsa m'madola adaona zakuda: kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Malipiro sadakwere tsiku limenelo. Wophunzira pa intaneti amagula bandulo yekha, ndipo magetsi akathima pakati pa phunziro amamalizira pafoni, atakhala m'galimoto. Amene ali ku Chitipa kapena Nsanje, makalasi a Loweruka ali ku Lilongwe ndi Blantyre, ndiye awerengerenso thiransipoti ndi malo ogona. Za amayi n'zosachita kunena. Bambo akamawerenga nyumba yonse imayenda chonyang'ama, koma mayi akatsegula buku ndi pomwe mwana amafuna phala, alendo afika, ndipo akajomba kumaliro a mnansi chifukwa cha mayeso mudzi wonse umva kuti sukulu yawapatsa matama.

Munthu wotere akamaliza, kuntchito amamulandira bwanji? Nthawi zambiri amabwerera padesiki yomwe ija, ntchito yomwe ija. Akayesa kunena kuti izi tingazichite mwina, amamuyankha kuti zimenezo n'za m'buku, kuno timachita chonchi. Ena amamuona ngati wabwera kudzalanda mpando. Pakatha chaka amayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito kumabungwe akunja, ndipo akachoka tonse timadandaula kuti ophunzira sakonda dziko lawo. Ngakhale amene amapita ku Britain pa sikolashipu ya Chevening, imene lamulo lake limafuna kuti akhale atagwirapo kale ntchito komanso abwerere kwawo kwa zaka ziwiri, kubwerera amabwereradi, koma palibe lamulo lokakamiza bwana wawo kuwamvera.

Njira ina ilipo, ndipo siyakutali. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera m'pulogalamu ya DHIS2, imene mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia akugwiritsa ntchito. Mizu yake ili ku South Africa, m'zaka zoyambirira tsankho litatha, ndipo imakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo ya ku Norway. Chotikopa ife ndi mmene idakulira. Ophunzira masitazi ndi udokotala, Amalawi ali momwemo, sankapatsidwa mitu yongopeka. Kafukufuku wawo adali ntchito yeniyeni ya m'maboma: chifukwa chiyani malipoti a chipatala chakutichakuti amachedwa, mlangizi wa zaumoyo angalembe bwanji pafoni kumene netiweki imavuta, wapampando wa zaumoyo m'boma amazigwiritsa ntchito nambalazo kapena amangozitumiza kulikulu. Wophunzira adapeza digiri, unduna udapeza yankho, ndipo dziko lidatsala ndi anthu otha kukonza makinawo okha popanda kudikira ndege yochokera kunja. Pulogalamuyo ndi yotseguka, palibe kampani ingatseke chitseko n'kupita ndi kiyi. Sitikuti zonse zili bwino kuzaumoyo, koma phunziro lake n'looneka: vuto lichoke kuntchito, lipite kukalasi, libwerere kuntchito litapeza mankhwala.

Mayunivesite athu atengerepo. Sizikupatsa ulemu kuti injiniya amene wagwira ntchito zaka 15 pamapaipi a madzi alembe kafukufuku wofunsa anthu makumi asanu ngati amakhutira ndi ntchito yawo, pamene bungwe lake likutaya madzi ochuluka m'mapaipi obooka ndi mamita osawerengedwa. Mutu wa kafukufuku ugwirizanidwe ndi anthu atatu: wophunzira, mphunzitsi ndi wolemba ntchito. M'kalasi muzilowanso anthu amene adayendetsapo bungwe, adalakwitsapo, n'kuvomera kufotokoza mmene adalakwitsira. Nkhani ya IFMIS ndi ya mapasipoti zikhale maphunziro a m'kalasi, osati kumangowerenga za makampani a ku America amene sadaonepo magetsi akuthima. Ndipo pali chilonda china chimene ophunzira amangonong'onezana: maphunziro a zaka ziwiri kutha zaka zinayi kapena zisanu chifukwa woyang'anira kafukufuku wasunga chaputala miyezi isanu ndi umodzi, ali kalikiliki ndi maganyu ake. Yunivesite imene imalanga wophunzira akachedwa kulipira fizi ikhalenso ndi tsiku lomalizira la mphunzitsi kubweza ntchito, ndipo NCHE izifunsa kuti mwa olembetsa chaka chakuti, amaliza ndi angati.

Kwa olemba ntchito pempho lathu n'lolunjika. Mpatseni wantchito nthawi yolembedwa papepala, osati yongomuchitira chifundo bwana akadzuka bwino. Lipirani gawo la fizi, mumumange ndi mgwirizano woti agwire zaka zingapo akamaliza, palibe cholakwika pamenepo. Koma mgwirizanowo umange mbali zonse: iye akhale, inu mumupatse ntchito yogwirizana ndi zimene waphunzira ndi mpando pamene pamagamulidwa nkhani. Posankha wopita kusukulu musayambire amene watsala zaka ziwiri kupuma, kapena mlamu wa wapampando. Ndipo mabwana enieniwo, alembi aakulu a maunduna ndi mamembala a mabodi, asadzione kuti adakula. Ndalama zimene zimathera m'maalawansi a misonkhano ya kunyanja ku Mangochi ndi Salima, kumene anthu amasaina m'mawa n'kusowa masana, zikhoza kulipirira anthu angapo maphunziro enieni chaka chilichonse.

Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu January 2021, amatchula luso la anthu ndi kuyenda bwino kwa ntchito za boma ngati zina mwa zinthu zothandiza kuti akwaniritsidwe. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma imaitana alembi aakulu chaka chilichonse kudzafotokoza za ndalama zosowa malisiti. Ikadzawaitananso, tikupempha iwonjezere mafunso awiri. Ndi antchito angati a unduna wanu amene adaphunzira masitazi ndi ndalama za msonkho m'zaka khumi zapitazi, ndipo lero akukhala desiki iti? Nanga tsiku limene mudasaina kontirakiti ya makina amene mukugwiritsa ntchito panowa, ndani mwa iwo adali m'chipindamo?