Nzeru za Nyama Yodya Masamba pa Chilumba cha The Isle

Mwa masewera ambiri a pakompyuta amene achinyamata akuwakonda masiku ano, alipo ena otchedwa The Isle, amene kampani ya Afterthought inawatulutsa m'chaka cha 2015. M'masewerawa munthu sakhala msilikali wa mfuti kapena woyendetsa galimoto ya mpikisano ayi. Iye amasanduka dinosaur, chimodzi mwa zinyama zamakedzana zija zimene zinatha pa dziko zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo amaponyedwa pa chilumba pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri amene akusewera pa intaneti nthawi yomweyo. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kukhala ndi moyo.

Asanayambe, wosewera amasankha mtundu wa chinyama chimene akufuna kukhala. Apa ndi pamene mtima wa munthu umaonekera. Si chachilendo kuona wachinyamata akuthamangira chilombo cha mano akuthwa monga Carnotaurus kapena Ceratosaurus, nkumaseka mnzake amene wasankha Tenontosaurus kapena Dryosaurus, nyama zodya masamba, namunena kuti wadzisandutsa ndiwo za anzake. Maganizo otere ndi olakwika. Amene wasankha kudya masamba ndiye wasankha njira yovuta koposa, ndipo ndi njira yomweyo imene ili ndi phunziro loyenera kuti aphunzitsi ndi ongomaliza kumene sukulu aliganizire.

Wosewera amayamba ali kamwana kosalimba, kopanda nyanga kapena mchira woti nkudzitetezera. Kuti kakule kamafuna maola enieni a pa wotchi, ndipo nyama ikakhala ya mtundu waukulu maolawo amachulukanso. Nthawi yonseyi njala ndi ludzu zimakhala zikumulondola. Sikokwanira kubudula tsamba lililonse limene walipeza, pakuti masewerawa amafuna kuti nyama idye zomera za mitundu yosiyanasiyana kuti ikule bwino, ndipo zomerazo sizimera malo amodzi. Motero wosewera amakakamizika kutuluka m'chitsamba mmene anabisala, kununkhiza mphepo kuti adziwe kumene kuli chakudya ndi madzi, ndi kudutsa m'madambo oyera poonekera kwa adani. Akangophedwa, zonse zimene anavutikira zimathera pomwepo, ndipo amayambiranso ukhanda.

Malo oopsa koposa ndi pamtsinje. M'madzi mumabisala Deinosuchus, ng'ona yaikulu yamakedzana, imenenso amaiyendetsa ndi munthu wina amene wadikira mwakachetechete kuti waludzu afike. Wosewera wopupuluma amathamangira padooko loyamba limene waliona, ndipo kawirikawiri ulendo wake umathera pomwepo. Wanzeru amayamba waima patali, kuyang'ana madzi, kumvetsera, kenaka nkufunafuna pamene pali posaya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chilombo chodya nyama chikaphonya kamodzi chimangogona ndi njala nkudzayesanso, koma wodya masamba akalakwitsa kamodzi sapatsidwa mpata wachiwiri. Nchifukwa chake iye amaphunzira kusunga mphamvu zothamangira m'malo mozitaya pachabe, ndiponso kudziwa njira yothawira asanaweramitse mutu kuti adye.

Chachiwiri chimene amaphunzira ndi ubwino wa gulu. Nyama yodya masamba yoyenda yokha sikhalitsa. Zikakhala pamodzi, zina zimadya pamene zina zili tcheru, ndipo imene yaona mdani imalira kuchenjeza zinzake. Zazikulu zimaima kutsogolo, tiana nkukhala kumbuyo kwake. Tenontosaurus amamenya ndi mchira wake wautali ndi kuponya mateche, pamene Stegosaurus ali ndi minga kumchira imene chilombo chilichonse chimaiopa. Koma zida zimenezi zimathandiza pokhapokha eni ake akakhala ogwirizana, pakuti mmodzi akachita mantha nkuthawa yekha, mpata umatseguka ndipo kamwana kamagwidwa. Paja kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Zimenezi sizongopeka za opanga masewera okha ayi, pakuti miyala nayo ikuchitira umboni. M'chaka cha 1979 akatswiri awiri, Jack Horner ndi Robert Makela, anafotokoza za dinosaur wodya masamba amene mafupa a ana ake anapezeka pamodzi m'chisa ku Montana, m'dziko la America. Iwo anamutcha Maiasaura, kutanthauza buluzi amene ndi mayi wabwino, poona zizindikiro zoti ankasamala ana ake. Ku Alberta, m'dziko la Canada, kuli malo amene mafupa ochuluka zedi a Centrosaurus anaunjikana pamodzi, zimene zikusonyeza kuti nyamazi zinkayenda m'magulu aakulu. Linapezekanso fupa la kumchira la chilombo chotchedwa Allosaurus lili ndi bala logwirizana ndi munga wa Stegosaurus. Wodya masamba sanali chakudya chongodikira mwini wake.

Komabe mphunzitsi amene angadandaule ndi masewerawa ali ndi zifukwa zomveka. Choyamba, The Isle si buku la sayansi. Pa chilumbachi amasonkhanitsapo nyama zimene sizinaonanepo ndi kamodzi komwe. Stegosaurus anakhalapo zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, pamene Triceratops anali wa kumapeto kwenikweni, zaka 66 miliyoni zapitazo. Nthawi imene ili pakati pa awiriwa ndi yaitali kuposa imene ili pakati pa Triceratops ndi anthu a lero. Chachiwiri, masewera amene amafuna maola ambiri kuti chinyama chikule angathe kudya nthawi ya kuwerenga ndi ya ntchito zapakhomo. Mnyamata amene wachezera usiku wonse kuweta chinyama cha pakompyuta pamene mbuzi za makolo ake zagona panja sanaphunzire kanthu.

Koma mankhwala a vutoli si kunyoza kapena kuletsa chabe. Mphunzitsi wanzeru angagwiritse ntchito chidwi chomwechi. Angafunse ophunzira chifukwa chake m'chilengedwe nyama zodya masamba zimayenera kuchuluka kuposa zodya nyama, ndi chimene chingachitike pa chilumba ngati aliyense atasankha kukhala chilombo. Yankho lake ndi phunziro lenileni la mmene zamoyo zimadalirana: zilombozo zimayamba kudyana zokhazokha. Angawauzenso kuti dziko la Malawi lili ndi dinosaur wakewake wodya masamba. Mafupa ake anapezeka m'boma la Karonga m'chaka cha 1924, ndipo mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, kuphatikizapo katswiri wa ku Malawi Elizabeth Gomani, anamutcha Malawisaurus. Chifanizo cha mafupa a chinyama cha khosi lalitalichi chinaimikidwa ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Kwa wachinyamata amene wangotuluka kumene pa geti la sukulu, nkhaniyi ili pafupi koposa. Nayenso akuyamba ali wamng'ono, wopanda chuma kapena dzina, pakati pa anthu amphamvu kumuposa. Adzakumana ndi omulonjeza ntchito akalipira ndalama, ndiponso okongoza katapira amene amadikira mwakachetechete ngati ng'ona ya padooko. Mano akuthwa alibe, ndipo sayenera kuwasirira. Chimene ali nacho ndi chomwe chija chimene wodya masamba amapulumukira: kuyang'ana asanamwe, kusunga mphamvu zake, kufunsa odziwa njira, ndi kusataya anzake okhulupirika. Amene amaseka mnzake posankha Tenontosaurus ayambe wayesa kumulera kuchokera ku ukhanda mpaka kukula, ndipo adzaona yekha kuti ntchitoyo si ya munthu wamantha.