Yankho Lolakwa Liposa Kukhala Chete

Pali mawu amene amveka kawirikawiri m'sukulu za akulu, ndipo ine ndidana nawo. Mphunzitsi akafunsa funso, munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu zomwe, ayang'ana pansi nati, "Ine ndingomvera, anene anzangawa." Ena amtama munthu wotere kuti ngwaulemu. Koma ine nditi ulemu umenewo ukumbera maphunziro amene anasiyira khasu kumunda.

Tiyeni tiyese ndi masamu. Mayi wina anali ndi mazira 52, nagulitsapo 18. Atsala angati? Yankho loona ndilo 34. Tsono tinene kuti ophunzira alipo anayi. Woyamba walemba 46, wachiwiri 44, wachitatu 70, ndipo wachinayi sanalembe kanthu pa sileti lake.

Mphunzitsi waulesi angoti atatuwa alakwa, napitirira. Wanzeru ayamba waona bwino manambalawo. Uyu wa 46 anaona kuti 8 sangachoke mu 2, choncho anatembenuza, nachotsa 2 mu 8, napeza 6. Iyeyu sanamvetse za kubwereka. Uyu wa 44 kubwereka akudziwa, pakuti anachotsa 8 mu 12 napeza 4. Koma anaiwala kuti 5 uja wabwereketsa mmodzi ndipo watsala 4. Ngongole anaitenga, koma sanailembe. Uyu wa 70 kuwerengera akudziwa ndithu, chifukwa 52 ndi 18 apangadi 70. Iye anaphatikiza m'malo mochotsa, ndipo chofunika kwa iye ndicho kumvetsa funso. Awa ndi matenda atatu osiyana, ndipo mphunzitsi wadziwa mankhwala a aliyense.

Nanga wachinayi uja athandizidwa bwanji? Kodi sanamve funso? Kodi sadziwa manambala? Kodi maso ake saona zolembedwa pa bolodi? Kapena 34 anali naye kale m'mutu, monga amayi a pamsika amene abweza chenji osaphonya, koma anaopa kulemba? Palibe angadziwe. Afanana ndi wodwala wofika kuchipatala amene akana kunena pamene pakumpweteka.

Zimenezi si nzeru zanga zokha ayi. Cha m'ma 1920 mnyamata wina wa ku Switzerland, dzina lake Jean Piaget, anapatsidwa ntchito ku Paris yoyesa nzeru za ana ndi mafunso. Chofunika pa ntchitoyo chinali kuwerenga mayankho okhoza. Koma iye anaona kuti ana a msinkhu umodzi alakwa mofanana, ndipo anayamba kuwafunsa chifukwa chimene ayankhira chotero. Pamenepo ndi pamene panayambira ntchito imene inamtchukitsa pa dziko lonse, yofufuza m'mene mwana aganizira. Ndipo mu 2009 akatswiri atatu a ku America, Nate Kornell, Matthew Hays ndi Robert Bjork, anapeza kuti anthu amene ayamba ayesa kuyankha nalephera, kenaka n'kuuzidwa yankho loona, alikumbukira bwino kuposa amene angopatsidwa funso ndi yankho lake pamodzi kuti awerenge.

Wina adzati, "Koma munthu akazolowera kunena zolakwa, zidzakhazikika m'mutu mwake." Nzoona, ngati palibe womkonza. Mlandu pamenepo uli kwa mphunzitsi amene amva 46 nangoti "Khala pansi," osafunsa njira imene munthuyo wadzera. Ndivomeranso kuti kungoponya nambala iliyonse, monga mwala pathengo, sikuyankha. Ndipo poyeza mankhwala a mwana, munthu asayesere dala. Afunse, pakuti safunsa anadya phula. Koma ngakhale kunena kuti, "Aphunzitsi, ndasokonezeka apa pobwereka," limenelo ndi yankho, ndipo ndi labwino. Cholakwa cha pa sileti chifufutidwa ndi kansanza. Chikabisidwa, chidzatuluka pamsika pa tsiku logulitsa mtedza, ndipo kumeneko chidzadya ndalama.

Koma ndisadzudzule ophunzira okha. Anawaphunzitsa mantha amenewa ndani? Ambiri analawa sukulu ali ana, nakwapulidwa chifukwa cha samu imodzi, ndipo anatulukamo atadziwa chinthu chimodzi chokha: kuti wotseka pakamwa sakwapulidwa. Ena si ndodo imene inawatseka pakamwa, koma phwete la anzawo. Munthu wa imvi kusekedwa pamaso pa apongozi ake kapena ana a mng'ono wake, si chinthu chapafupi.

Ndinaziona ndekha m'kalasi ina ya madzulo. Bambo wina wachikulire anaitanidwa ku bolodi kuti alembe mawu akuti "kulira." Analemba pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera, nalemba "kulila." Anthu anaseka, ndipo mphunzitsi anafufuta mawuwo, naitana wina. Komatu bamboyo khutu lake silinamnamize. M'Chichewa chathu anthu ambiri satchula l ndi r mosiyana; ndi lamulo la kalembedwe limene linena kuti r alembedwe pambuyo pa e ndi i, monga mu "mbiri" ndi "bwera," ndipo l alembedwe m'malo ena, monga mu "kulima" ndi "mbale." Pa zilembo zisanu ndi chimodzi iye anakhoza zisanu. Mphunzitsi akadasiya mawuwo pa bolodi nafunsa kuti, "Ndani wina akadalemba chonchi?" ndikhulupirira kuti manja ambiri akadakwera, ndi a osekawo omwe, ndipo onse akadapita kwawo atadziwa lamulolo.

Bamboyo anapitirira kubwera, koma anasamukira ku benchi la kumbuyo, ndipo nthawi yonse imene ndinali kumeneko sindinamuonenso akutenga choko.