Choonadi Chikhale "Palatable", Koma Chisasukuluke

Ambiri mwa ife polemba chimangirizo cha Chingerezi timakonda mawu akuti palatable, poyesa kuti ndi amodzimodzi ndi delicious. Sichoncho ayi. Mawuwa adachokera ku palate, ndiye kumwamba kwa m'kamwa, ndipo palate adachokera ku mawu a Chilatini akuti palatum. Angerezi adayamba kuwagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1600. Chakudya cha palatable ndi chimene m'kamwa mwavomera: chodyeka, cholowa bwino pakhosi. Nyemba zikapsa bwino, mchere n'kukwanira, ndi palatable, ngakhale sizingapose nkhuku ya pa Khirisimasi.

Koma mawuwa sathera ku khitchini. Amanenanso lamulo, malangizo kapena nkhani imene anthu angathe kuilandira mosanyinyirika. Nkhani yovuta kumeza Angerezi amaitchula unpalatable. Apa ndiye pagona funso kwa ife ofuna unsembe: kodi n'koyenera kukometsera choonadi kuti anthu achilandire?

Ine ndikuti inde, bola chisasukuluke. Mayi amapatsa mwana mankhwala owawa a malungo pamodzi ndi shuga, koma samupatsa shuga yekhayekha, chifukwa mwanayo angafe akumwetulira. Taonani mneneri Natani pa 2 Samuele 12. Mfumu Davide ataphetsa Uriya ndi kutenga mkazi wake, Natani sadayambe ndi kukalipa. Adayamba ndi fanizo la munthu wolemera amene adalanda kankhosa ka mmphawi. Davide atapsa mtima ndi wolemerayo, Natani adamuuza maso ndi maso kuti munthuyo ndi iye mwini. Fanizo lidali shuga, koma mankhwala adamwedwa onse, ndipo mfumu idalapa.

Nthawi zina shugayo sakwanira, komabe mankhwala ayenera kuperekedwa. Pa 8 March 1992 kalata ya Lenti ya maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse. Idalembedwa mwaulemu, koma idanena mosabisa za malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ndiponso kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma la nthawi imeneyo lidalephera kuimeza. Lidailetsa, ndipo Monsinyolo John Roche adapitikitsidwa m'dziko muno. Koma pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Akadafuna kungokondweretsa makutu a akuluakulu, maepiskopiwo akadalemba kalata yokoma imene aliyense akadaiwala Pasaka isanafike.

Choncho, Abambo athu ndi inu makolo, potidzudzula sankhani mawu ofatsa, koma musatibisire pamene talakwa. Nafenso anzanga, tisayese ulaliki kapena malangizo ndi lilime lokha. Tifunsenso ngati akuchiza. Paja mawu a akulu akoma akagonera.