Maola atatu a ECCE si otaya: tiwaperekeze ana athu

M'mera mpoyamba. Kumudzi mwambi umenewu umamveka kwambiri akamalimbikitsa makolo kutumiza ana ku mkombaphala, kuja tiana timaimba ndi kumwa phala m'kachipinda ka tchalitchi kapena pansi pa mtengo. Kuno ku Dublin mwambiwu sunathe mphamvu. Kusiyana kwake n'kwakuti boma la Ireland ndilo limalipira, ndipo khomo ndi lotsegula kale. Ife tikuona kuti amene angathandize mabanja athu kulowa pakhomo limeneli ndinu, achinyamata amene munakulira konkuno.

Pulogalamu ya ECCE inayamba mu Januwale 2010, ndipo kuyambira mu Seputembala 2018 mwana aliyense ali ndi mwayi wophunzira zaka ziwiri mwaulere asanayambe pulayimale. Amaloledwa kuyamba akakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 8. Amaphunzira maola 3 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, masabata 38 pa chaka. Polembetsa pamafunika nambala ya PPS ya mwanayo. Vuto ndi malo: m'madera ambiri a Dublin amadzaza msanga, moti banja lomwe likudikira kuti mwana "akule kaye" limapeza mayina atalembedwa kalekale.

Mawu omwe timamva kawirikawiri kwa makolo ndi akuti, "Kumeneko amangosewera, sabwera ndi homuweki." N'zoona, amasewera, ndipo n'zochita kukonza. Ndondomeko ya maphunziro a ana aang'ono m'dziko muno imatchedwa Aistear, mawu a Chiairishi otanthauza ulendo. Inatuluka mu 2009 ndipo inakonzedwanso mu 2024. Ili ndi mizati inayi: umoyo wabwino wa thupi ndi maganizo, kudzidziwa ndi kumva kuti uli pakati pa anzako, kulankhulana, komanso kufufuza ndi kuganiza. Mwana akamathira mchenga m'chitini, akamadikira kuti nayenso akwere katungwe, akamauza mphunzitsi kuti wakwiya m'malo moluma mnzake, ndiye kuti sukulu ili mkati. Inu munadutsa m'makalasi a kuno, mukudziwa mmene zimakhalira kwa mwana wofika mu Junior Infants asanazolowere gulu. Mukafotokoza inu, amayi ndi ababa amva msanga kuposa kuwerenga kapepala ka boma.

Pali nkhani za umoyo zomwe zimakhudza ana athu mwapadera. Yoyamba ndi vitamini D, yemwe amalimbitsa mafupa. Thupi limamupanga dzuwa likawomba pakhungu, koma dzuwa la kuno m'miyezi yozizira ndi lofooka, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo kuti lipange mlingo womwewo. A HSE amalangiza kuti ana a chaka 1 mpaka zaka 4 azipatsidwa mamaikrogalamu 5 tsiku lililonse kuyambira pa Halloween, 31 Okutobala, mpaka pa St Patrick's Day, 17 Malichi. Agogo ku Dedza kapena ku Mangochi sanaganizepo za madontho amenewa chifukwa dzuwa linkagwira ntchitoyo. Kuno tiyenera kukumbutsana.

Yachiwiri ndi matenda a sickle cell, omwe amayenda m'magazi a mabanja ena a ku Africa. Ana odwala matendawa amathandizidwa ku Children's Health Ireland ku Crumlin, koma maola atatu aja mwana amakhala m'manja mwa mphunzitsi. Ngati banja labisa, mphunzitsi sadziwa kuti kuzizira ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimayambitsa ululu woopsa, komanso kuti mwanayo akatentha thupi si nkhani yodikira mawa. Kubisa matenda poopa zonena za anthu kumapweteketsa mwana yemweyo tikufuna kumuteteza. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu Ogasiti 2023 ana onse osakwana zaka 8 amaonana ndi dokotala wa GP kwaulere, koma khadi lake silibwera lokha. Pamafunika kulembetsa, ndipo pa intaneti inu ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Manyazi omwewo amatsekereza ana ena ku thandizo la AIM, lomwe linakhazikitsidwa mu 2016 kuti ana olumala kapena ochedwa kukula aziphunzira limodzi ndi anzawo mu ECCE. Mwana akachedwa kulankhula, kapena akamaopa phokoso ndi kupewa kuyang'ana anthu m'maso, kwathu kumatuluka mawu ngati "adzasintha yekha", pena mpaka "analodzedwa". Makolo ena amaopanso kuti akasaina fomu, a Tusla abwera kudzatenga mwana. AIM sinabwerere zimenezo. Imabweretsa uphungu wa akatswiri, zipangizo, ndipo pena ndalama zoti m'kalasi muonjezeredwe munthu wothandiza. Safunanso kuti mwana akhale ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la vuto lake. Chaka chimodzi chotayika pa msinkhu wa zaka zitatu n'chachikulu kwambiri.

Nanga Chichewa? Makolo ena amasiya kulankhula chinenero chathu pakhomo poganiza kuti chikusokoneza Chingerezi cha mwana. Ambiri a inu mukudziwa zotsatira zake: foni ya agogo ikalira, mumangoti "ndili bwino" kenako n'kukhala chete. Ana amatha kukula ndi zinenero ziwiri popanda vuto, ndipo Aistear yomweyo imalemekeza chinenero cha kunyumba. Lembelani mphunzitsi mawu ochepa: madzi, njala, chimbudzi, kupweteka, amayi. Muphunzitseni kutchula bwino dzina la Chisomo kapena la Tadala. Mwana amene dzina lake limatchulidwa bwino m'mawa uliwonse amadziwa kuti pamalopo ndi pakenso.

Sitikunena kuti zonse zili bwino. Maola atatu sagwirizana ndi mashifiti a makolo ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'zipatala. National Childcare Scheme, yomwe inayamba mu 2019, imachepetsa mtengo wa maola oonjezera, komabe mabanja ambiri amatsala ndi bilu yolemera, ndipo pa zimenezi gulu lathu lipitiriza kulankhula ndi ma TD a m'madera athu. Sitikunenanso kuti inu musanduke makolo. Muli ndi Leaving Cert, koleji ndi ntchito zanu, ndipo udindo wolera ndi wa akuluakulu.

Chomwe tikupempha n'chochepa. Mwezi uno, funsani m'banja mwanu kapena ku tchalitchi ngati pali mwana wa zaka ziwiri yemwe sanalembetsedwe. Khalani pansi ndi azakhali kapena amalume, mudzaze nawo fomu. Aperekezeni ku msonkhano woyamba ndi mphunzitsi, mumasulire mbali zonse ziwiri mosabisa kanthu. Ndipo amene mukuganizira za ntchito ya m'tsogolo, musanyoze uphunzitsi wa ana aang'ono: m'makalasi a Dublin mukufunika aphunzitsi odziwa kuti nsima ndi chiyani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Seputembala sachedwa kufika.