Valavu ija musaimange ndi waya

Anyamata anzanga amene mwatsegula timashopu topopa matayala m'mbali mwa M5, kuyambira ku Salima mpaka ku Nkhotakota, tandimvani. Ndikumaona ena akumanga valavu ya kompresa ndi waya, ati ikamalira psii ikutaya mpweya. Ine ndikuti kumeneko n'kusewera ndi moyo.

Makompresa ambiri a m'mashopu amazima okha geji ikafika cha pa 8 bar. Bar imodzi ili ngati kilogalamu imodzi ikukankha kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ndiye pa 8 bar, malo a thanki okula ngati chikhatho chanu asenza makilogalamu pafupifupi 800, matumba 16 a chimanga amenewo! Switchi ikakanika kuzimitsa mota, chokupulumutsani ndi valavu yomweyo basi.

Chinanso, mpweya wa kunyanja kuno ndi wachinyezi. Ukapanikizika umasiya madzi pansi pa thanki, dzimbiri n'kumadya chitsulo mkati, kunjaku penti ili waliwali. Madzulo aliwonse tsegulani kampopi kapansi kaja, madziwo atuluke. Thanki ikabooka osawotcherera ayi, chitsulocho chatha kale.

Munena kuti thanki yatsopano ndi yodula, zoona. Koma ikaphulika sisankha mwini shopu yekha, pamakhalanso akabaza ndi ana odikira njinga zawo. Komanso tayala la galimoto yaing'ono limangofuna 2 bar ndi pang'ono, nanga presha yopyola malireyo mukusungira ndani?

Tumizirani aliyense amene ali ndi kompresa.