Chingerezi cha mwana wa ku Phalombe chiyambire pa lilime lake

Pa mapu akale a nthawi ya atsamunda, dzina la kwathu linkalembedwa kuti Palombe, popanda h. Mzungu wolemba mapuyo sanali wogontha ayi. M'Chingerezi, p wa kumayambiriro kwa mawu amatuluka ndi kampweya, monga mu "pin" ndi "pot", ndiye iyeyo atamva anthu akuti Phalombe, khutu lake linamuuza kuti ameneyu ndi p wamba. Lero timalemba Ph, ndipo mlendo wongofika kumene akawerenga chikwangwani pamsewu wochokera ku Chitakale amati Falombe, chifukwa kwawo ph ndi f, ngati mu "phone". Palibe amene amamutcha mbuli. Timangomwetulira n'kumukonza, podziwa kuti lilime lake linakulira kwina.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana wa ku Migowi kapena ku Chiringa akanena kuti "let us play" pofuna kunena "let us pray", kalasi yonse imafa nalo phwete? Mwanayo amakhala pansi manyazi ali tho, ndipo mawa lake sakwezanso mkono. Ena timawadziwa, anafika mpaka kuno ku koleji ali ndi magiredi abwino a Chingerezi pa satifiketi, koma akapatsidwa mpata woyankhula pagulu amachita ngati awatuma kukagwira njoka.

Maganizo anga ndi akuti vutoli si la mwana. Timaphunzitsa Chingerezi ngati kuti wophunzirayo wabwera m'kalasi alibe chiyankhulo chilichonse, pamene Chichewa chimene ali nacho kale ndicho chingamuonetse pomwe akupunthwa komanso chifukwa chake.

Titenge nkhani ya l ndi r yomweyi. M'Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Lamulo la kalembedwe limene tinaphunzira ku pulayimale limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga mu "mbiri" ndi "bwera", pomwe l amakhala kwina konseko. Mawu akuti "lero" ali ndi onse awiri. Koma munthu atati "lelo", kapena "bwela", palibe angasokonezeke, tanthauzo ndi lomwelo. Choncho khutu la mwana wakula ndi Chichewa linaphunzira kusalabadira kusiyana kumeneku, ndipo linachita bwino, chifukwa kunalibe ntchito. Kenaka akumana ndi chiyankhulo chomwe "rice" ndi mpunga pamene "lice" ndi nsabwe, "road" ndi msewu pamene "load" ndi katundu, "correct" ndi kukonza pamene "collect" ndi kutolera. Kumukalipira kuti "tchula bwino" sikuthandiza, popeza iye sakumva n'komwe kuti pali zinthu ziwiri. Chofunika n'kumuuza kuti potchula l nsonga ya lilime imakhudza kunkhama, kuseri kwa mano a m'mwamba, pamene potchula r wa Chingerezi lilime limangoyandikira osakhudza. Zimenezi n'zofotokozeka m'mphindi ziwiri, m'Chichewa. Ambirife palibe anatifotokozerapo.

Ndipo nafenso tili ndi zathu zomwe Mngerezi sazimva. Ikani kapepala patsogolo pa milomo munene kuti "pala", kenaka "phala". Pa mawu achiwiriwo kapepala kagwedezeka. Kwa ife kupala moto n'kwina, phala la m'mawa n'lina. "Kola" ndi "khola" n'zosiyana, "tenga" ndi "thenga" chimodzimodzi. Mngerezi amatulutsa mitundu iwiri yonseyi ya p, wampweya mu "pin" ndi wopanda mpweya mu "spin", koma mukamufunsa adzalumbira kuti ndi p mmodzi. Mwana akadziwa zimenezi mantha amachepa. Amazindikira kuti chiyankhulo chilichonse chimasula khutu la eni ake mwa njira yakeyake.

Pomwe pali ntchito yaikulu ndi pa malembo a liwu. Ife tili nawo asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka momwe lalembedwera. Chingerezi chimalemba ndi asanu omwewo koma m'katchulidwe ka ku England muli maliwu pafupifupi 20 a mtundu umenewu. Ndiye ife timatenga 20 aja n'kuwapanikiza m'madengu asanu. "Ship" ndi "sheep" amagwera dengu limodzi, "live" ndi "leave" chimodzimodzi, "full" ndi "fool" chimodzimodzi. "Bird" amasanduka "bed", "heard" amasanduka "head". Umboni uli m'mawu amene tinabwereka: "nurse" tinamuyesa nesi, "shirt" tinaiyesa shati, chonsecho kwa eni ake mawu awiriwa ali ndi liwu lofanana pakati.

Mawu obwerekawa ndi buku la phunziroli lomwe mwana aliyense amayenda nalo m'mutu. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo sitikonda kuunjika malembo opanda liwu momwe amachitira Angerezi. N'chifukwa chake "school", phatikizo limodzi, inakhala su-ku-lu. "Church" inakhala tcha-li-tchi. "Bread" inakhala buledi, "spoon" supuni, "store" sitolo. Tinachita zomwezo ndi Chipwitikizi cha anansi athu a ku Mozambique: "carta" inasanduka kalata, r n'kukhala l, ndipo a wina n'kulowa pakati. Mphunzitsi atalemba mawu amenewa pabolodi, Chichewa uku Chingerezi uku, n'kufunsa ana kuti apeze okha malembo amene tinaonjezera, anawo angaone ndi maso awo chimene lilime lawo limachita likakumana ndi "desk" kapena "street". Sukulu ndi buledi ndi Chichewa chabwino, tisachinyoze. Kungoti poyankhula Chingerezi malembo oonjezera aja ayenera kutsala pakhomo.

Wina anena kuti zonsezi n'kufuna kusandutsa ana athu azungu akuda. Ndikumumvetsa. Dziko lino linadwalapo matenda olambira Chingerezi cha ku England, ndipo mpaka pano munthu woyankhulira m'mphuno timamupatsa ulemu ngakhale zimene akunenazo zili zopanda mutu. Ine sindikufuna zimenezo. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Phalombe Chingerezi chake adzayankhula ndi mwini sitolo ku Limbe, dalaivala wa ku Tanzania, bwana wa ku Johannesburg, dokotala wochokera ku India. Ochepa kwambiri mwa amenewa amayankhula ngati owerenga nkhani pa BBC. M'chaka cha 2000 katswiri wina wa ku Britain, Jennifer Jenkins, anatulutsa buku lofotokoza zomwe anapeza atamvetsera anthu a mayiko osiyanasiyana akuyankhulana m'Chingerezi. Anaona kuti th wa mu "think" ndi "this", yemwe aphunzitsi amavutitsa naye ana, sasokoneza kwenikweni kumvana ngakhale munthu amutchule ngati t kapena d. Zomwe zimasokoneza ndi monga kusinthanitsa malembo ena opanda liwu, kusasiyanitsa liwu lalitali ndi lalifupi, ndi kudula malembo oyamba a mawu. Ndiye ngati nthawi ili yochepa, ndipo m'makalasi athu odzaza aja ndi yochepadi, tiyeni th timusiye apume. Tilimbane ndi l ndi r, ndi "live" ndi "leave". Kamvekedwe ka Chimalawi katsale, n'kathu. Cholinga n'chakuti womvera asachite kufunsa kawiri.

Kwa anzathu amene akuphunzira za chipatala nkhaniyi si yoseketsa n'komwe. "Fifteen" ndi "fifty" amasiyana makamaka pa phatikizo limene mwatsindika, ndipo pa foni kapena mu wodi yaphokoso 15 akhoza kumveka ngati 50. Pa mlingo wa mankhwala kusiyana kumeneko ndi moyo wa munthu. Kutsindika kotereku kumativuta chifukwa Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pafupifupi m'mawu aliwonse, pamene Chingerezi chimasunthasuntha. Koma kodi si ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongokweza kapena kutsitsa mawu? Khutu limene limachita zimenezo silingalephere kumva kusiyana kwa "record" dzina ndi "record" mneni, litauzidwa choti limvetsere.

Pa kapangidwe ka mawu ndiye tili patsogolo kwambiri, kungoti sitidziwa. Mwana wa zaka zisanu ku Nkhulambe amanena kuti "sindidzakuphikiraninso" osapunthwa. Muli tizidutswa tingati m'menemo? Si wokana, ndi woimira woyankhula, dza wa m'tsogolo, ku ndi ni oimira amene akuuzidwa, phik amene ndi muzu, ir wosonyeza kuchitira wina, a, ndi nso. Chingerezi chimafuna mawu asanu ndi awiri kapena kuposa kuti chinene zomwezo. Mwana yemweyo amadziwa kuti tseka ndi tsekula n'zotsutsana, kuti kuchokera ku phunzira timapeza phunzitsa, mphunzitsi ndi maphunziro. Tsono akafika pa "lock" ndi "unlock", kapena "teach", "teacher" ndi "teaching", timamupatsa ngati mawu achilendo oti aloweze lililonse palokha. Bwanji osamuuza kuti un uja akugwira ntchito ya ul wa mu tsekula, ndipo er akugwira ntchito ya m ndi i wa mu mphunzitsi? Akagwira mfundo imeneyi, mawu aatali ngati "unemployment" sakhalanso chilombo: un, employ, ment. Wa za chipatala akadziwa kuti "hyper" ndi kupyola muyeso, "hypo" ndi kuperewera, ndipo "itis" ndi kutupa, watsekula mawu mazanamazana ndi makiyi atatu. Adziwanso kuti "hyperglycaemia" ndi "hypoglycaemia", shuga wokwera ndi shuga wotsika, ayenera kuwatchula mosamala chifukwa amamveka mofanana koma chithandizo chake n'chotsutsana.

Katchulidwe ndi kapangidwe ka mawu zimakumana pa kachidutswa ka ed. Kamalembedwa mofanana koma kamamveka patatu: ngati t mu "walked", ngati d mu "played", ndi ngati id mu "wanted". Popeza lilime lathu silinazolowere kutsiriza mawu ndi malembo awiri opanda liwu, ambiri timangokameza, "walked" n'kumveka "walk". Zikatero nthawi yakale yasowa m'chiganizo, ndipo chomwe sitikutchula timayamba kuchiiwala polemba. Wochonga mayeso amati mwana sadziwa galamala, chonsecho vuto linayambira pakamwa.

Ana ayeneranso kuuzidwa poyera kuti kalembedwe ka Chingerezi n'kosokonekera, ndipo si iwo anakasokoneza. William Caxton anayambitsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476, pa nthawi imene katchulidwe ka maliwu aatali kanali pakati posintha. Kalembedwe kanauma, katchulidwe kanapitirira ulendo. K wa mu "knee" ndi "knife" kale ankatchulidwa. B wa mu "debt" anachita kulowetsedwa ndi anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti mawuwo anachokera ku Chilatini. Mwana amene anazolowera Chichewa, chomwe umawerenga zimene waona, ali ndi ufulu wodabwa.

Boma layesa njira zingapo. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linatembenuza zimenezo, ndipo mu 2014 nduna Lucius Kanyumba inalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Mu 2016 kunabwera ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe imaphunzitsa ana maliwu a malembo m'makalasi oyambirira, ndipo imeneyo ndi mbali yabwino. Koma kuchulukitsa maola amene mwana akumva Chingerezi sikukonza kanthu ngati aphunzitsi akewo sanathandizidwepo pa l ndi r. Amangopatsira ana zimene nawonso analandira. Kuonjezera apo, mayeso a Chingerezi a MANEB ndi olemba, ndipo tonse tikudziwa kuti chimene sichibwera pa mayeso chimatsalira m'kalasi. Munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, koma akhoza kukhoza bwino lomwe asanayankhulepo chiganizo chimodzi pamaso pa woyesa.

Ku Phalombe ambiri ndife Alhomwe, ngakhale achinyamata ochuluka tinakula ndi Chichewa, Chilhomwe n'kutsalira kwa agogo. Anthu amene anataya kale chiyankhulo chimodzi m'mibadwo iwiri kapena itatu ayenera kuchenjera akamauzidwa kuti njira yodziwira Chingerezi n'kuchita manyazi ndi chimene chatsala pakamwa pawo. Chilango chopatsa mwana chikwanje kuti akatchetche chifukwa wayankhula Chichewa pasukulu chimaphunzitsa mantha, osati Chingerezi.

Sitingadikire unduna kuti usinthe silabasi. M'boma lathu muli koleji yophunzitsa aphunzitsi, ndipo ena mwa inu amene mukuwerenga mudzatumizidwa kukaphunzitsa m'masukulu a kumeneko, ena mumaphunzitsa kale ana m'mipingo ndi m'makomo nthawi ya holide. Zida zake si zodula. Lembani "light" mbali ina ya bolodi, "right" mbali inayo. Tchulani limodzi, ana aloze limene amva, asanayambe n'komwe kutchula okha, chifukwa khutu liyenera kutsogola. Sabata yotsatira tengani "ship" ndi "sheep". Mphindi zisanu patsiku n'zokwana. Amene muli ndi foni, mtanthauziramawu wa Oxford kapena wa Cambridge pa intaneti amatchula mawu aliwonse mukadina kachizindikiro kake, choncho mvetserani nokha usiku musanakaime patsogolo pa ana m'mawa. Ndipo mwana akalakwitsa, woyamba kuseka m'kalasimo ndi amene abwere kutsogolo adzatchule "rural" katatu.