Wachibale Akamangidwa, Yambani Kuwerenga Maola

Ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ngakhale ku Milange, munthu akamangidwa banja limathamangira kukhola. Amagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti apeze "refresco" yokapereka kupolisi. Mukudziwa zimenezi, mwina zinachitikapo kwa anansi anu. Koma ndalama imeneyo imangotayika, ndipo wopereka ziphuphu nayenso amapalamula mlandu. Pa tsiku loyambalo, sungani mbuzi yanu ndipo yambani kuwerenga maola.

Lamulo likuti munthu wogwidwa ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, ndiye kuti masiku awiri. Woweruzayo, amene m'Chipwitikizi amati juiz de instrução criminal, ndiye amaona ngati munthuyo wamangidwa motsatira lamulo. Angathe kumumasula. Angathe kumulola kudikira mlandu ali kunyumba. Angathenso kulamula kuti akhale m'ndende mpaka mlandu uzengedwe. Mphamvu imeneyi ndi ya woweruza yekha. Choncho lembani tsiku ndi ola limene m'bale wanu wagwidwa. Ngati dzanja silinazolowere cholembera, pemphani mnzanu wa m'kalasi akulembereni.

Kwa nthawi yaitali, ngakhale titalandira ufulu mu 1975, makhoti athu ankagwiritsa ntchito mabuku a atsamunda. Buku la milandu ndi zilango linali la 1886, ndipo la kazengedwe ka milandu linali la 1929. Buku la 1886 linasinthidwa mu 2014. Kenako mu Disembala 2019 kunatuluka malamulo atatu: Lamulo 24/2019 la milandu ndi zilango, Lamulo 25/2019 la kazengedwe ka milandu, ndi Lamulo 26/2019 la mmene zilango ziyenera kuyendera. Anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2020. Izi zisanachitike, mu 2013, Conselho Constitucional inagamula kuti ngati munthu sanagwidwe ali mkati mopalamula, ndi woweruza yekha amene angalamule kuti atsekeredwe podikira mlandu. Ndiye apolisi akabwera pakhomo chifukwa choti wina wakunenezani, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Kodi mandado ya woweruza ili kuti?"

Malamulo aakulu a dziko, Constituição, amanenanso momveka. Ndime 59 ikuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ndime 64 ikuti womangidwa auzidwe nthawi yomweyo, m'njira yoti amve, chifukwa chimene wamangidwira. Ndime 62 ikuti ali ndi ufulu wokhala ndi womuimira pa mlandu, ndipo wosauka boma limupezere. Ntchito imeneyi ndi ya IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo lili ndi maofesi m'zigawo ndi m'maboma ambiri. Kumeneko ndiye koyenera kupita m'mawa wa tsiku lotsatira. Tengani chitupa chanu. Mwina adzafunanso atestado de pobreza, kalata yosonyeza kuti mulibe ndalama zolipirira advogado.

Pali mfundo imodzi imene ife olankhula Chichewa tiyenera kuigwiritsitsa. Mlandu umazengedwa m'Chipwitikizi. Mlimi amene amamva Chipwitikizi cha pamsika chokha angavomere mawu amene sakuwamva, n'kudinda chala papepala limene silinawerengedwe kwa iye. Pepala limenelo lidzamutsatira mpaka kukhoti. Lamulo limalola kuti pakhale womasulira. Limalolanso woimbidwa mlandu kukhala chete pa zimene akumuneneza, ngakhale ayenera kunena zoona za dzina lake. Kunena kuti "sindikumva, ndikufuna womasulira" si mwano. Ndipo inu amene mwayamba kuphunzira kuwerenga, musachite manyazi kuwerenga pang'onopang'ono mzere uliwonse musanasaine, ngakhale wina akugogoda tebulo.

Ena amati malamulo amenewa amateteza mbava. Dandaulo lawo n'lomveka, chifukwa munthu amene waberedwa ng'ombe akaona wakubayo akuyenda pamsewu, mtima umawawa. Koma wodikira mlandu ali kunyumba sanakhululukidwe, mlandu wake ukadalipo. Taganizaninso amene amagona m'chitokosi masabata angapo osaonana ndi woweruza. Wakuba wolemera amakhala ndi advogado wake tsiku lomwelo. Amene amaiwalika ndi mnyamata amene wanamiziridwa chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Maola 48 aja amateteza iyeyo, ndiponso mwana wanu.

Ngati woweruza walamula caução, ndalama yachikole, imaperekedwa m'njira ya khoti ndipo pamakhala lisiti. Ndalama yopereka m'manja kuseri kwa nyumba si caução. Ngati masiku akupita ndipo m'bale wanu sanaonekere kukhoti, pemphani a IPAJ alembe pempho la habeas corpus. Ndime 66 ikuti khoti liyankhe pempholi pasanathe masiku 8.

Boma nalonso lili ndi ngongole kwa ife. Ndende zathu n'zodzaza, ndipo ambiri mwa amene ali mkatimo sanaweruzidwe. Ogwira ntchito ku IPAJ ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, ndipo pali midzi imene ili kutali kwambiri ndi likulu la boma kumene kuli woweruza. Womuimira munthu amene wakumana naye koyamba pakhomo la khoti sangamuteteze mokwanira. Malamulo atsopano amalola kuti olakwa pa milandu ing'onoing'ono agwire ntchito yothandiza anthu m'malo mopita kundende, ndipo makhoti akuyenera kugwiritsa ntchito njira imeneyi kwambiri. Akuluakulu a boma akabwera pamsonkhano m'dera lanu, afunseni kuti ofesi ya IPAJ yapafupi ili kuti, ili ndi anthu angati, ndipo ndani amamasulira Chichewa kukhoti.